Kuimba nyimbo za malemu pamalo omukumbukira: nyimbozo ndi za yani, ndipo ziimbidwe motani?

Tiyerekeze kuti anyamata anayi a ku Chinamwali, omwe amaimba ndi gitala yosalumikiza kumagetsi, banjo yopanga okha, babatoni ndi chisekese, aitanidwa ku Great Hall ya Yunivesite ya Malawi kuno ku Zomba kuti akaimbe pa usiku wokumbukira katswiri wina wopeka nyimbo amene anatisiya zaka zambiri zapitazo. Chithunzi cha malemuyo chapachikidwa kumbuyo kwa nsanja, ana ake ndi zidzukulu akhala pamipando yakutsogolo, ndipo kumbuyo kwadzaza ophunzira omwe ambiri mwa iwo anabadwa mwini nyimbozo ali kale m'manda. Kwa munthu wongoonera, ntchito ya anyamatawa ndi yapafupi: atenge nyimbo za malemu, aziimbe bwino, anthu awombe m'manja, aliyense azipita kwawo. Koma amene anakonzapo mwambo wotere amadziwa kuti chingwe cha gitala chisanakhudzidwe n'komwe pamakhala patagona kale nkhani zolemera, zokhudza malamulo, chibale, makutu a anthu ndiponso chikhalidwe cha nyimbo zimenezi, chifukwa nyimbo yachikhalidwe imakhala ndi moyo pamene ikusinthasintha m'kamwa mwa anthu, pomwe chikumbutso chimafuna kuti chinthu chikhale monga momwe mwiniwake anachisiyira.

Poyamba tiyenera kumvana za nyimbo zomwe tikunena. Zina ndi zomwe wopeka wake sadziwika: nyimbo za pamtondo, za manganje ndi beni zomwe zimamveka m'midzi ya ku Domasi ndi Malosa, za tchopa pakati pa Alhomwe, za asodzi a ku nyanja ya Chilwa, ndi zija zimene agogo amaika pakati pa nthano kuti ana avomere. Zina ndi zomwe wopeka wake timamudziwa ndi dzina, koma anazimanga pa maziko a zoyamba zija. M'gulu lachiwirili ndi momwe muli a Allan Namoko a ku Thyolo, omwe anali osaona ndipo ankaimba banjo ndi gulu la Chimvu River Jazz Band mpaka pamene anamwalira mu 1995. A Daniel Kachamba a ku Chileka, omwe anabadwa mu 1947 n'kumwalira mu 1987, pamodzi ndi mng'ono wawo Donald amene anatsatira mu 2001. A Ndiche Mwarare, omwe ankagoneka gitala pamiyendo n'kumakhetemula mawaya ndi botolo m'kaimbidwe kotchedwa hauyani. Komanso a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu. Malire a magulu awiriwa si mpanda woti munthu angauloze ndi chala. Woimba wa banjo ankatha kutenga kayendedwe ka nyimbo ya pamtondo, kuikamo mawu ake onena za mkazi wothawa banja kapena za ulendo wa ku Joni, ndipo patapita zaka zochepa amayi pamtondo ankaiimbanso nyimboyo ndi mawu atsopanowo osadziwa kuti inazungulira kudzera pa wailesi.

Kusadziwika bwino kwa malireku ndi kumene kumavutitsa nkhani ya umwini. Lamulo la umwini wa zaluso la dziko lino, lomwe linakhazikitsidwa mu 1989 n'kulowedwa m'malo ndi lina mu 2016, limateteza nyimbo pa moyo wonse wa woipeka ndiponso kwa zaka 50 iye atamwalira. Tikawerengera motero, nyimbo za a Daniel Kachamba ndi zotetezedwa mpaka cha mu 2037, ndipo za a Namoko mpaka cha mu 2045. Choncho anyamata a ku Chinamwali aja sakuimba zinthu zopanda mwini ayi, ngakhale kuti nyimbozo anazimva koyamba kwa agogo awo pakhonde. Kuziimba pagulu, makamaka pamene anthu alipira pakhomo, kumafuna chilolezo, ndipo bungwe lomwe limapereka ziphaso zotere ndi kutolera ndalama m'malo mwa opeka ndi la COSOMA, lomwe linayamba ntchito zake mu 1992. Nthawi zambiri udindo wotenga chiphaso umagwera mwini malo kapena wokonza mwambo, osati woimba, koma woimba ali ndi gawo lake lomwe ambiri amalinyozera, ndilo kulemba mndandanda wa nyimbo zomwe waimba ndi maina a ozipeka. Popanda mndandandawo ndalama ikhoza kutoleredwa ndithu, koma njira yoti ikafikire ana a malemu imasowa.

Nanga zija zopanda wopeka wodziwika? Anthu ambiri amaganiza kuti zimenezi ndi za aliyense, monga madzi a mu Mulunguzi. Lamulo silitero. Limati umwini wa zaluso za makolo uli m'manja mwa boma mpaka kalekale, m'malo mwa Amalawi onse, ndipo wofuna kupanga nazo malonda ayenera kupempha chilolezo, ngakhale kuti kuziimba pa mwambo wake weniweni, monga pa chinamwali kapena pa ukwati wa kumudzi, sikufuna pepala lililonse. Apa ndiye pamabuka funso lomwe ngakhale odziwa malamulo amalizungulira: ngati malemu anatenga nyimbo ya makolo n'kuikonza, gawo lake ndi liti ndipo gawo la mtundu ndi liti? Yankho lomveka ndi loti zimene iye anawonjezera, monga mawu, kakonzedwe ndi kaimbidwe ka chida, ndi zake, koma tsinde si lake. Kunena n'kosavuta, kulekanitsa ziwirizi m'nyimbo ya mphindi zitatu ndi ntchito ina.

Lamulo likatha kuyankhula, chibale chimayamba. Kuno kum'mwera, kumene mabanja ambiri a Chiyao, Chilhomwe ndi Chimang'anja amatsata mbali ya kuchikazi, mawu a mwinimbumba ndi a alongo ake a malemu amalemera kwambiri pa chilichonse chokhudza dzina la womwalirayo, pomwe lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana. Wokonza mwambo amene wakambirana ndi mbali imodzi yokha akhoza kudzidzimuka pa tsiku lenilenilo akuuzidwa kuti eni ake sanamve. Ndipotu kwathu kuno kukumbukira wakufa si nkhani ya zisangalalo chabe. Tili ndi kumanga chiliza, tili ndi sadaka, tili ndi mowa wa chikumbutso, ndipo zonsezi zili ndi eni ake oziyambitsa. Mlendo sangodzuka n'kuitanitsa anthu m'dzina la malemu wa eni. N'chifukwa chake woimba wanzeru, asanayambe nyimbo, amatembenukira kaye kumipando yakutsogolo n'kunena mawu onga akuti, “Amayi, malume, ndi inu nonse akubanja, nyimbozi ndi zanu, ife tangobwereka.” Ena amaona ngati ndi mwambo wongotayitsa nthawi, koma mawu amenewa amanena zoona zomwe chiphaso cha COSOMA sichinganene.

Nkhani yomwe imagawa anthu koposa, komabe, ndi ya kaimbidwe. Pali omvera amene amabwera ndi kaseti m'mutu. Iwowa amafuna kuti nyimbo iyambe pomwe inkayambira pa wailesi ya MBC, mawu akwere pomwe malemu ankakweza, ngakhale kachifuwa komwe kanalowa mwangozi pojambula akufuna akamve. Woimba akasintha mzere umodzi, amati waononga. Maganizo amenewa ali ndi chifukwa chake chomveka, pakuti anthuwa sanabwere kudzamva luso la mnyamata wa ku Chinamwali, abwera kudzakumana ndi unyamata wawo. Koma tiyenera kukumbukira chomwe chojambulidwa chija chili. Ndi kuimba kwa tsiku limodzi, m'chipinda chimodzi, pamaso pa wojambula amene ankayang'ana wotchi ndi kutalika kwa tepi. Oimba a banjo ndi bangwe sankaimba nyimbo mofanana kawiri. Pamsika ankaitalikitsa malinga ndi momwe anthu akufupira, pamowa ankalowetsamo maina a omwe ali pomwepo, ndipo kumudzi kwawo ankatchula zinthu zimene sakanayerekeza kuzitchula mu situdiyo. Tisaiwale kuti kuyambira mu 1968 dziko lino linali ndi lamulo lounika zosangalatsa, ndipo m'nthawi ya chipani chimodzi woimba aliyense ankadziwa kuti mawu olakwika pa wailesi akhoza kumugonetsa kumene sanakonzekere. Motero zambiri zomwe tinasunga ndi nyimbo zovala jekete, zophimba tanthauzo m'mikuluwiko. Woimba amene akukopera tepiyo ndendende akutsanzira malemu wa mu situdiyo, osati malemu yense.

Kusintha mawu a nyimbo si chinthu chachilendo chomwe achinyamata a lero abweretsa. Nyimbo zambiri zomwe mbumba inkaimba pa misonkhano ya a Kamuzu Banda zinali za magule akale zomwe zinavekedwa mawu atsopano otamanda, ndipo makwaya a m'mipingo akhala akuchita chimodzimodzi ndi nyimbo za kumudzi kwa zaka zambiri. Nawonso a Kachamba anatenga kwela, kaimbidwe ka zitoliro komwe kanatchuka m'misewu ya Johannesburg m'zaka za m'ma 1950, n'kukasandutsa chinthu cha ku Chileka. Munthu amene luso lake lonse linali kutenga ndi kusintha sitingamulemekeze pouza ana ake m'luso kuti asasinthe kanthu. Maganizo anga ndi oti pa usiku wotere nyimbo imodzi kapena ziwiri ziimbidwe pafupi kwambiri ndi momwe zinajambulidwira, kuti amene sanazimvepo adziwe poyambira, koma zotsalazo woimba aziimbe ndi mawu ake, pa liwiro lake, atanena poyera chomwe wasintha. Cholakwa si kusintha ayi, cholakwa ndi kubisa gwero, kapena kupotoza nyimbo mpaka inyoze mwini wake, zomwe ngakhale lamulo limaletsa poteteza ulemu wa wopeka.

Pali kusintha kwina kumene kumachitika mwakachetechete, koma ndi kumene kumapha kukoma kwa nyimbo zakale kuposa kusintha mawu. Kumeneku ndi kwa kachunidwe. Zida zina za makolo, monga valimba ya ku Chigwa cha Shire ndi bangwe wa m'madera ena, zimachunidwa mogawa mawu asanu ndi awiri pa mipata pafupifupi yofanana, zomwe sizigwirizana ndi makiyi a kiyibodi. Banjo yopanga pamanja nayo ili ndi mipata yomwe mmisiri anaiyeza ndi khutu, osati ndi makina. Gulu likaganiza zoika kiyibodi kuti nyimbo “idzaze”, chida chakalecho chimayamba kumveka ngati chasokonekera, ndipo kawirikawiri chomwe chimagonja ndi chakalecho: amachichuna kuti chitsatire kiyibodi, kapena amachitsitsa mawu mpaka chingokhala chokongoletsa pansanja. Omvera amatuluka akunena kuti nyimbo inali yomweyo koma panasowa kanthu kena, osatha kutchula chomwe chasowa. Kunjenjemera kwa chisekese, kulira kwa nthambo ya babatoni, phokoso la zitsekerero za mabotolo pa bangwe, zonsezi woyendetsa zokuzira mawu amene anazolowera magulu a magitala amagetsi amaziona ngati zinyalala zoyenera kuchotsa, pamene kwa eni ake ndiwo mchere wa nyimbo.

Malo nawo amasintha nyimbo. Nyimbo zathu zambiri zinapangidwa kuti wina atsogolere, ena avomere, ndipo pabwalo la kumudzi palibe mzere wolekanitsa woimba ndi womvera. Mu holo muli nsanja yokwera, magetsi owala mbali imodzi, ndi mipando yoyang'ana kutsogolo yomwe imauza munthu kuti akhale chete. Mwambo ukakhala wokumbukira wakufa, chete ameneyu amachuluka kawiri, anthu amakhala ngati ali pamaliro, osadziwa ngati n'kololedwa kuimba nthungululu pa nyimbo yoseka mwamuna waulesi pamene mkazi wa malemu ali pompo. Woimba amene akumvetsa ntchito yake amathyola mpandawu msanga: amaphunzitsa anthu mzere wovomera, amasiya mpata woti agogo a pamzere wachitatu athire mang'ombe, ndipo salola kuti oteteza pakhomo abweze munthu amene wanyamuka kudzafupa.

Maiko ena anayesapo kumanga nyumba zenizeni zokumbukiramo oimba, ndipo chitsanzo chomwe chimatchulidwa kawirikawiri ndi cha Woody Guthrie wa ku America, amene anabadwira ku Okemah m'chigawo cha Oklahoma mu 1912 n'kumwalira mu 1967. Iyeyu ankaimba za alimi osamuka chifukwa cha chilala ndi za anthu ogwira ntchito, ndipo nayenso ankakonda kuika mawu ake pa nyimbo zakale zomwe anthu ankazidziwa kale. Kwa zaka zambiri anthu ena a kwawo sankafuna kumulemekeza chifukwa cha maganizo ake a ndale, moti chikondwerero cha pachaka chomukumbukira ku Okemah chinayamba mu 1998, patadutsa zaka zoposa 30 chimwalirireni. Mu 2013 ku Tulsa kunatsegulidwa Woody Guthrie Center, komwe kumasungidwa makope ake, makalata, zojambula ndi zida, ndipo m'nyumba yomweyo muli kachipinda kochitiramo zoimbaimba. Chomwe chili chofunika kwa ife si kukongola kwa nyumbayo koma zimene banja lake linachita ndi mapepala. Guthrie anasiya mawu a nyimbo zambirimbiri zomwe sanazijambule ndipo kaimbidwe kake sikadziwika. Mwana wake Nora, m'malo motsekera mapepalawo m'bokosi, anaitana oimba a m'badwo wina kuti awapekere kaimbidwe katsopano, ndipo chimbale choyamba chotuluka m'ntchitoyi, cha Billy Bragg ndi gulu la Wilco, chinatuluka mu 1998. Banja linasunga umwini, koma linatsegula chitseko.

Kuno kwathu chikumbutso cha woimba chomwe chakhazikika kwambiri si nyumba koma tsiku. Chaka ndi chaka, anthu amasonkhana ku Chileka kukumbukira a Evison Matafale, omwe anamwalira mu Novembala 2001 ali m'manja mwa apolisi, ndipo gulu la Black Missionaries lomwe iwo anayambitsa ndi lomwe lakhala likutsogolera mwambowo. Nyimbo zake ndi za rege, si za banjo, koma phunziro la kakonzedwe ndi lomwelo: mwambowo wakhalitsa chifukwa uli m'manja mwa abale ndi oimba omwe anapitiriza kupeka nyimbo zawozawo, osati kungobwereza za malemu. Ku Chileka komweko, m'mudzi wa Singano, kaimbidwe ka a Kachamba kanasungika chifukwa cha ntchito ya a Gerhard Kubik, wofufuza za nyimbo wa ku Austria, omwe anakumana ndi a Daniel ndi a Donald mu 1967 n'kuyamba kuwajambula, pamodzi ndi a Moya Malamusi omwe anapitiriza kusonkhanitsa nyimbo ndi zida za m'deralo.

Zomba ilibe nyumba yomangidwira woimba mmodzi, koma ili ndi zipangizo zambiri zomwe nyumba yotere imafuna, kungoti zili mobalalika. Nyumba yosungira zakale ya dziko lino, National Archives, ili mumzinda uno kuyambira nthawi yomwe Zomba inali likulu, udindo womwe unasamukira ku Lilongwe mu 1975. Ku yunivesite, komwe ambiri timakutchabe Chanco, kwakhala kukuphunzitsidwa zoimba ndi zisudzo kwa zaka zambiri, ndipo buku la a Kubik lofotokoza kapangidwe ka nyimbo za ku Malawi linasindikizidwa konkuno mu 1987. Ngakhale ndende yaikulu ya Zomba inalowa m'mbiri ya zoimba pamene nyimbo zomwe akaidi ndi oyang'anira ndende anajambula ndi Ian Brennan, wojambula nyimbo wa ku America, mu 2013 zinasankhidwa kukapikisana nawo pa mphoto za Grammy mu 2016, koyamba kwa chimbale cha ku Malawi. Zina mwa zojambulidwa zakale kwambiri, zomwe wofufuza za nyimbo Hugh Tracey anatenga m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950, zili kutali ku International Library of African Music ya pa Rhodes University ku South Africa, ndipo zina zili m'matepi a MBC ku Blantyre. Mnyamata wa ku Chinamwali amene akufuna kumva mitundu itatu yosiyana ya nyimbo imodzi ya malemu, kuti adziwe chomwe chinali chokhazikika ndi chomwe mwiniwake ankasintha, alibe khomo limodzi loti agogode. Amathera pa YouTube kapena kwa anyamata oika nyimbo m'mafoni pamsika wa Mpondabwino, kumene nyimbo imapezeka ili ndi dzina lolakwika la woimba ndipo kumapeto kwake kunadulidwa. Malo okumbukira woimba amene ali ndi nsanja koma alibe poti munthu n'kukhala pansi kumvetsera zojambulidwa zakale amabala otsanzira a tepi imodzi yomweyo.

Zomwe zinachitikira a Giddes Chalamanda zikuonetsa mbali ina ya nkhaniyi, ngakhale kuti iwo ulemuwo unawapeza ali moyo. Mu 2020 Patience Namadingo anaimba nawo nyimbo zawo zakale m'kakonzedwe katsopano, ndipo imodzi mwa nyimbozo inafalikira pa TikTok mpaka kumaiko omwe sadziwa n'komwe kuti Chiradzulu ili kuti. Nyimboyo inasinthidwa, ndipo kusinthako ndi kumene kunaitengera kutali. Koma kufalikirako kunadzutsanso funso lomwe Amalawi ambiri anafunsa pa nthawiyo, loti kodi mwa mamiliyoni a anthu omwe anaimvera, ndalama zingati zinafika m'thumba la mkuluyo. Mwini nyimbo akakhala moyo angathe kufunsa yekha, kapena ena angamufunsire akumuona. Akakhala kuti anapita, funsolo limatsalira anthu a pamipando yakutsogolo aja, omwe nthawi zambiri sadziwa ngati malemu analembetsa nyimbo zake ku COSOMA, kapena ngati dzina la wolandira m'malo mwake linasinthidwa iye atamwalira.

Ndipo usiku wa ku Great Hall uja sutha pamene magetsi a pansanja azimitsidwa. Mafoni makumimakumi amakhala atajambula, ndipo pofika m'mawa tizidutswa ta nyimbo tili kale pa Facebook ndi pa WhatsApp. M'kachidutswa kamodzi ka masekondi 40 muli eni atatu kapena anayi: mtundu umene unabala tsinde la nyimbo, malemu amene anaipatsa mawu, anyamata amene aiimba mwa njira yawo, ndi wokonza mwambo ngati anajambula mwa dongosolo. Chiphaso choimbira pagulu sichikhudza kujambula ndi kugulitsa, zimenezo zimafuna chilolezo china. Gulu lomwe likuganiza zotulutsa zomwe laimba usikuwo ngati chimbale liyenera kubwereranso kubanja ndi ku COSOMA, ndipo pepala la mgwirizano liyenera kutchula nyimbo iliyonse payokha, ndi kunena momveka kuti mwa mavesi asanu omwe anaimbidwa, atatu ndi a malemu, limodzi ndi la pamtondo, ndipo lomaliza analipeka mnyamata wa babatoni ali m'minibasi yochokera ku Chinamwali.